Khutu la a Muhiwa Litauma

Inu owerenga, ine ndinapha munthu ndi cholembera. Sindinamumenye, sindinamumwetse mankhwala olakwika, ndipo palibe bwalo la milandu limene linandiitanapo. Ndinangolemba mawu awiri pa tikiti yake ya ntchito, akuti "ali bwino", ndipo sabata isanathe anthu anali akukumba manda ake. Papita zaka zambirimbiri, imvi zili mbuu, koma nkhaniyi sindinauzepo ngakhale ana anga. Ndaganiza zoiulula chifukwa ndikuona anyamata ndi atsikana amene akumaliza maphunziro a zachipatala akusankha kokagwira ntchito monga ndinasankhira ine, maso ali pa denga la nyumba imene akalowe.

Kwathu ndi cha ku Chonde. Makolo anga anawoloka kuchokera kwa Apwitikizi ine ndisanabadwe, ndipo mayi anga ankapemphera m'Chilomwe mpaka tsiku lawo lomaliza. Ine nditalowa sukulu ya mishoni ndinachisiya pachipata Chilomwecho, chifukwa anzathu ankatiseka tikachilankhula. Mutu unali wogwira, choncho amishoni ananditengera ku chipatala chawo kuti ndiphunzire ntchito yothandiza dokotala. Munali m'zaka za m'ma 1950, nthawi imene nkhani ya chitaganya inali m'kamwa mwa aliyense, ndipo munthu sankakhulupirira mnzake msanga.

Dokotala wamkulu pa chipatalapo anali mzungu wokalamba amene anthu anamupatsa dzina loti a Chimakutu. Makutu awo analidi aakulu, sindikuwanamizira, koma dzinalo linamera chifukwa ankakonda matenda a khutu, mphuno ndi pakhosi kuposa ena onse. Ataona kuti dzanja langa silinjenjemera, anandiika pambali pawo zaka zitatu. Ndinaphunzira kuchotsa njere ya chimanga m'mphuno mwa mwana osaikankhira m'kati, ndiponso kupha mphemvu yolowa m'khutu ndi mafuta ndisanaikoke. Munga wa nsomba pakhosi ndinkauchotsa mwini wake asanamalize kufotokoza kuti anadya chiyani. Ndinkawagwiriranso nyale a Chimakutu akamaboola fupa la kuseri kwa khutu ndi katchizulo ndi kanyundo kuti mafinya atuluke. Pepala langa linkati ndine wothandiza dokotala, koma anthu a m'midzi sankawerenga mapepala. Kwa iwo ndinali dokotala wa makutu, ndipo ine sindinkawatsutsa.

Panali lamulo limodzi limene a Chimakutu ankalibwereza mpaka ife ophunzira tinkawatsanzira kuseri. Ankati khutu lotuluka mafinya likauma mwadzidzidzi, mutu n'kuyamba kuwawa, usakondwere, chifukwa mafinyawo sanathe koma asowa khomo, ndipo akufunafuna njira ya m'kati. Mawu amenewa ndinkawadziwa ngati dzina langa. Ndikukuuziranitu kuti musadzandikhululukire kutsogoloku poganiza kuti ndinali mbuli.

Nditamaliza maphunziro, malo anali awiri. A Chimakutu ankafuna nditsale pamishoni, pomwe ndikanakhala m'kanyumba ka udzu n'kumalandira zoti munthu angoti ndadya. Koma esiteti ina ya tiyi cha ku Limbuli inkafuna munthu woyang'anira disipensale yake. Kumeneko kunali nyumba ya njerwa ya malata ndi njinga ya kapalasa yatsopano, ndipo pamwamba panga panalibe wina, kupatula dokotala amene ankazungulira maesiteti kamodzi pa miyezi ingapo. Ndinali nditangokwatira kumene, ndipo ndinkafuna akuchikazi aone kuti mwana wawo sanagwe m'manja mwa munthu wamba.

Nditawauza a Chimakutu kuti ndasankha ku esiteti, sanandikalipire. Anangoti, "Mwana wanga, usanapite ukafunse zinthu ziwiri. Wodwala akakukanika, udzamutumiza kuti, ndipo adzakwera chiyani? Nanga amene azikulipirayo akufuna kuti anthu achire, kapena kuti apite ku ntchito?"

Ine ndinamva mawuwo mokayika. Mumtima ndinati nkhalamba iyi yazolowera munthu woigwirira nyale, ikufuna manja anga otsika mtengo. Malume anga nawo anathira mchere, anati mzungu sangakuletse chinthu ngati iye sakupindulapo. Choncho mafunso awiriwo sindinakafunse. Tsiku lotsanzikana a Chimakutu anandipatsa galasi lawo lakale, lija lozungulira la kabowo pakati, lomangirira pamphumi pounikira m'khutu ndi pakhosi. Ngakhale mphatsoyo ndinaiyang'ana ndi diso lina, ndinati akufuna kundigula.

Nyumba ya ku esiteti inali yabwinodi. Mvula ikamagwa pa malata, ine ndi akazi anga tinkangoyang'anizana n'kumamwetulira. Koma chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Disipensale inali nyumba yakale yosungira katundu, yokhala pa nsanamira za njerwa, pansi pake pa matabwa. M'mashelefu munali asipirini, mankhwala a malungo, mchere wotsegula m'mimba ndi mankhwala a buluu opaka pa zilonda, basi. Penisilini ankasungidwa ku ofesi ya bwana wa esiteti, ndipo ndinkachita kupempha botolo limodzilimodzi. Lole yopititsa wodwala ku chipatala chachikulu inkafunika kalata ya bwana yemweyo.

Tsiku loyamba bwanayo anandiitana ku ofesi. Mpando sanandipatse. Anati, "Anthu awa ndi Anguru, bodza anayamwira m'bere. Mvula ikagwa tiyi n'kuphukira, aliyense amadwala, chifukwa akufuna kukapalira chimanga chake. Ntchito yako n'kundipatulira wodwala weniweni ndi wonama." Ine, mwana wa mayi wopemphera m'Chilomwe, ndinayankha kuti inde bwana.

Kuti mumvetse, wantchito aliyense anali ndi tikiti imene kapitawo ankachonga munthu akamaliza mgwazo wake wa tsikulo. Wodwala ankabwera nayo kwa ine. Ndikalemba kuti "wodwala", tsikulo linkawerengedwa ndipo phoso ankalandira. Ndikalemba kuti "ali bwino" iye osapita kumunda, ndiye kuti wajomba, ndipo wojombajomba ankachotsedwa ntchito n'kutulutsidwa m'nyumba ya m'malaini, kumene antchito ankakhala. Choncho m'mawa uliwonse pa khonde pankakhala mzere wa anthu, aliyense tikiti ili m'manja, maso ali pa cholembera changa.

Miyezi yoyamba ndinagwira ntchito monga ndinaphunzirira. Kenaka bwana anandiitananso, anati odwala achuluka chifikireni ine, ndipo anandifunsa ngati nyumba ndikuikonda. Sabata yomweyo kunabwera bambo wina khutu likuyenderera zoyera. Nditapukuta n'kununkhiza thonjelo, ndinapeza kuti ndi phala la ufa woyera. Kapitawo, amene ankakonda kuima pakhomo la disipensale ngati mwini nyumba, anaseka mpaka kugwira m'mimba, ndipo pofika masana esiteti yonse inadziwa kuti dokotala watsopano amapusitsika ndi phala. Zinandiwawa kwambiri. Munthu mmodzi ameneyo anandionongera maso, moti kuyambira tsikulo aliyense wolowa pakhomo ndinkayamba ndamuyesa wabodza, iye n'kumavutika kuti anditsimikizire kuti akudwaladi.

Ambiri ankadandaula kuti sakumva bwino, makamaka a ku fakitale kumene makina ankalira tsiku lonse. Ndinapeza nzeru imene ndinkanyada nayo. Ndinkamuimika munthu kuyang'ana kukhoma, ine n'kupita kumbuyo kwake ngati ndikufuna botolo, kenaka n'kugwetsa mbale yachitsulo pa matabwa paja. Akatembenuka, ndiye kuti wamva, ndipo wamva ndiye kuti wanama. Bwana nzeruyi anaikonda, ankaifotokozera azungu anzake ine ndili pomwepo. Ndinatupa, paja amati galu wa mfumu ndi mfumu ya agalu.

M'malaini munamveka mbiri yoti galasi la pamphumi panga limaona bodza pansi pa mtima wa munthu. Ena ankanong'ona kuti ndine wa chifwamba, kuti amene ndawakweza lole sabwerera. M'malo mowafotokozera kuti ndi galasi wamba lotengera kuwala kwa dzuwa, ndinkalipukuta pang'onopang'ono pamaso pawo kuti mantha awalowe bwino. Iwo ankandikayikira ine, ine ndinkawakayikira iwo, ndipo ndinkaganiza kuti ntchito ikuyenda.

Tsopano ndikuuzeni za a Muhiwa. Anali bambo wamtali, wosalankhulalankhula, wothyola tiyi. Anathawa chibalo cha Apwitikizi n'kuwoloka mtsinje wa Muloza ndi akazi awo, a Felista, kamwana kakakazi kali kumsana. Khutu lawo lakumanzere linkatuluka mafinya kuyambira tsiku limene msilikali wa kutsidyako anawaomba khofi, ndipo linalo nalo silinkamva kwenikweni. Ankabwera kamodzi pa mwezi kuti ndiwatsuke, koma ankabwera madzulo ataweruka, tikiti osatenga. Chaka chonse sanandipemphepo tsiku ngakhale limodzi. Tsiku lina anapeza mpanda wa kumbuyo kwa nyumba yanga utagwa, anaumanga osandiuza. Munthu wotere ndinayenera kumudziwa.

Lolemba lina la mu Januwale, mvula ikuwaza, ndinawaona pa mzere wa m'mawa, dzanja lili kumutu, tikiti ili m'manja. Anandiuza kuti khutu lauma chiyambire Lachisanu, mutu ukuwawa mbali imodzi, ndipo kapitawo akaitana sakumva. Ndisanawayang'ane n'komwe, kapitawo anandikokera pambali n'kundinong'oneza kuti, "Adokotala, awa ali ndi munda kutsidya kwa Muloza, udzu wafika m'chiuno. Dzulo Lamulungu anthu awaona akunola khasu."

Ndinavala galasi n'kuunika. Khutu linali louma, fungo lochepa. Thupi linali lofunda, koma ndinali nditaphunzira kale kunena kuti anthu amaothera moto asanabwere kwa ine. Kuseri kwa khutu sindinadinikize, ngakhale kuti ndi ntchito ya chala chimodzi. Ndinawaimika kuyang'ana kukhoma, ndinagwetsa mbale, ndipo a Muhiwa anatembenuka. Kapitawo anakhosomola mwachipongwe pakhomo paja.

A Muhiwa ataona cholembera chikuyenda anati, "Adokotala, ine bodza ayi. M'mutumu mukuchita ngati muli munthu akusinja."

Ndinawayankha kuti khutu lapola, athokoze Mulungu, ndipo akafuna kupalira akapalire Lamulungu. Pa tikiti ndinalemba kuti "ali bwino", n'kuwapatsa asipirini awiri. Anatenga tikiti yawo ndi manja awiri monga mwa ulemu wawo, anatsika masitepe akugwira khoma, n'kulowera kumunda. Khutu lauma, mutu ukuwawa: mawu a aphunzitsi anga anali pomwepo, munthu wawanena ndi pakamwa pake, koma ine ndinamva za khasu.

Lachiwiri madzulo, dzuwa lisanalowe, a Felista anafika kunyumba kwanga atakhwapatira thadzi. Anagwada pansi pa khonde n'kuiika nkhukuyo patsogolo pawo. Inu owerenga mukudziwa kuti kwathu kuno munthu sapita kwa sing'anga chimanjamanja. Amapereka chipondamthengo kuti sing'angayo adzuke akafune mankhwala. Mayi anga omwe ankachita zimenezi ine ndikadwala, ndipo tanthauzo la nkhukuyo ndinkalidziwa bwino lomwe: mayiyu ankandipempha kuti ndidzuke. Koma mtima wokayika suona chinthu monga chilili. Ine ndinaona chiphuphu. Kenaka ndinaona msampha, ndinati kapitawo wawatuma kuti ndikalandira akandinenere kwa bwana. Ndinayamba kuyang'ana m'mbali mwa mpanda kuti ndione amene akusuzumira.

A Felista anayamba m'Chichewa, koma mawu atawathera analowa m'Chilomwe. Anati amuna awo asanza kawiri, sakufuna kuwala, akubuula, ndipo anandipempha kuti ndingopita ndikawaone. Ku malaini kunali pafupi, pa njinga ija ndikanafika madzi a tiyi asanawire. Ndinamva liwu lililonse. Koma ndinawayankha m'Chichewa kuti chilankhulo chimenecho sindichimva, kuti odwala amaonedwa m'mawa pa mzere, ndipo atenge nkhuku yawo asanandiike m'mavuto. Anandiyang'ana nthawi yaitali, chifukwa dzina la bambo anga ankalidziwa ndipo ankadziwa kumene limachokera. Anatola nkhuku yawo n'kumapita.

Akazi anga anali pakhomo la khitchini, anaona zonse. Anati, "Mukanangopita kukaona, bambo. Kuona sikulipira." Ndinawauza kuti anthu awa sawadziwa.

Lachitatu a Muhiwa sanabwere pa mzere, ndipo ine ndinati mwaona, bodza latha. Sindinadziwe kuti anali kumunda wa tiyi. Tikiti inkati ali bwino, ndiye akanakhala pakhomo akanakhala ojomba, ndipo munthu wothawa chibalo akatulutsidwa m'malaini alowera kuti ndi mkazi ndi mwana? Anathyola tiyi masiku atatu mutu uli choncho. Lachinayi m'mawa anagwa pakati pa mizere ya tiyi, dengu lili kumsana.

Amuna anayi anawabweretsa pa chiguduli chomangirira ku mtengo. Nditangowatembenuza mutu ndinaona. Kuseri kwa khutu kunali kutatupa mpaka khutulo linasendera kutsogolo, khosi linali gwa, ndipo thupi linkaotcha. Sankandizindikira. Sindinafune galasi kuti ndidziwe kumene mafinya aja apita.

Ndinathamangira ku ofesi kukapempha lole ndi penisilini. Bwana anaitanitsa tikiti, anaiyang'ana, n'kundifunsa modekha kuti, "Iwe wemwe unalemba Lolemba kuti ali bwino. Unanama Lolemba kapena ukunama lero?" Ndinali nditamuphunzitsa ndekha kuti munthu aliyense ndi wabodza, ndipo tsopano inali nthawi yanga yoima kuyang'ana kukhoma. Pomaliza anandipatsa botolo limodzi la penisilini, koma lole inali itapita ku Luchenza ndi mabokosi a tiyi, ndipo ndi matope a nyengo imeneyo inabwera mawa lake. Galimoto yaing'ono ya bwanayo inali pakhomo, koma sanaitchule, ndipo ine ndinaopa kuitchula. Mafunso awiri amene ndinakana kufunsa aja anandiyankha okha tsiku limenelo.

Tinafika ku mishoni Lachisanu masana, ine ndi a Felista titakhala kumbuyo kwa lole titagwirizira mutu wa wodwala. A Chimakutu atangoona anasamba m'manja, ndipo ine ndinapezeka ndagwira nyale pa malo anga akale. Atatsegula fupa, mafinya anatuluka, koma ena anali atadutsa kale kulowa m'mutu. A Muhiwa anamwalira Loweruka m'mawa.

Pambuyo pake a Chimakutu anandiitanira pa khonde la nyumba yosungira mankhwala. Anandifunsa kuti khutu linauma liti. Ndinati Lachisanu la sabata yatha. Anandifunsa kuti ine ndinadziwa liti. Ndinati Lolemba. Pofuna kudziteteza ndinayamba kufotokoza za anthu onama, za phala lija, ndi za nzeru yanga ya mbale, kuti munthuyo anatembenuka ndithu.

Pamishonipo panali bambo wina wosesa pabwalo amene anabadwa wosamva, tonse tinkamudziwa. A Chimakutu anamukodola, anamuimika pa khonde lija, lomwenso linali la matabwa, kuyang'ana kukhoma. Anatenga mbale yachitsulo n'kuigwetsa kumbuyo kwake. Bamboyo anatembenuka msangamsanga, ataona mbale anaseka.

"Wamva ndi mapazi," anatero a Chimakutu. "Matabwa amanjenjemera. Ndipo m'malaini nkhani imayenda. Pofika sabata yachiwiri wabodza aliyense anali atadziwa kuti mbale ikagwa asatembenuke. Mbale yako inkagwira anthu oona okhaokha."

Ndinakumbukira amuna amene ankaima nji mbale ikagwa, osaphethira n'komwe, ine n'kuwalembera kuti "wodwala" ndi mtima woyera. Ndinakumbukira a ku fakitale amene ndinawabweza ku makina omwe ankawagonthetsa. Ine amene ndinkadzitama kuti sindipusitsika, ndinali chitsiru cha esiteti yonse, ndipo uchitsiru wangawo ankaulipira ndi anthu osalakwa. Ndinakhala pansi pa masitepe n'kulira ngati mwana.

Nditabwerera ku esiteti ndinapeza kuti a Felista atulutsidwa kale m'malaini, chifukwa nyumba inali ya wantchito ndipo wantchitoyo kunalibe. Palibe amene anandiuza kumene alowera, mwina ankadziwa koma ine sakanandiuza. Ndinalemba kalata yosiya ntchito. Bwana sanandiletse, anangotumiza munthu kudzatenga njinga. Malume anga anati ndalodzedwa. Akazi anga anangoyamba kumanga katundu, ndipo tinakalowa m'kanyumba ka udzu kaja kamene ndinakanyoza. A Chimakutu anandilandira osatchulanso za nkhaniyo, ndipo ndinagwira pamishonipo mpaka kupuma.

Patapita zaka ziwiri, m'mawa wina ndikuona odwala, kunalowa mayi atagwira dzanja mtsikana wamng'ono, kansanza kali m'khutu. Mapazi awo onse anali ofiira ndi fumbi. Ndinamva pambuyo pake kuti anayenda masiku awiri kuchokera ku Muloza, anadutsa disipensale ya pa esiteti ija osayang'anako, chifukwa anamva kuti kumishoni kuli dokotala wa makutu wabwino. Analowa n'kupeza kuti dokotalayo ndi ine, galasi lili pamphumi. Anali a Felista.

Anaima pakhomo n'kumukokera mwanayo kumbuyo kwawo. Ndinavula galasi lija n'kuliika patebulo. Ndinawapatsa moni m'Chilomwe, koyamba pa zaka zambiri, lilime likulemera. Moniwo sanauyankhe. Maso awo anali patebulo, pamene panali mbale yachitsulo yoikamo thonje. Ndinaganiza kuti abwerera, ndipo akanabwerera sindikanawaimba mlandu. Koma khutu la mwanayo linali loipa, ndipo kwina kopita kunalibe. Anamukankhira patsogolo pang'onopang'ono n'kunena m'Chichewa, kuti ndisadzanenenso kuti sindinamve:

"Uyu alibe tikiti, adokotala. Alibenso munda. Musamugwetsere mbale."

Mwanayo ndinamutsuka ndekha m'mawa uliwonse kwa masabata awiri, jekiseni ndinkabaya ndekha, ndipo kuseri kwa khutu ndinkadinikiza tsiku lililonse mpaka iye anayamba kundiseka. Anachira. Mayi ake ankabwera naye, kukhala pa benchi, kumutenga n'kumapita. Nkhuku sanabweretse. Tsiku lomaliza anachoka osatsanzika, ndipo sindinawaonenso. Sindikuuzani kuti anandikhululukira, chifukwa sindikudziwa.

Inu amene mukumaliza maphunziro, ndi inu makolo amene mukuwakankhira ana anu kumene kuli nyumba yabwino, ndikupemphani mufunse mafunso awiri aja musanamange katundu. Funsani kuti wodwala akakukanikani adzapita kuti ndipo adzakwera chiyani, chifukwa mutu umodzi susenza denga, ndipo ine ndinathawa munthu yekhayo amene akanandifunsa kuti khutu lauma liti nthawi ikadalipo. Funsaninso kuti wokulipiraniyo akufuna chiyani kwa odwala anu. Musadzinamize kuti mudzapita ndi mtima wanu wabwino n'kukhala nawo. Ine ndinapita nawo, ndipo sunathe chaka. Malo amene munthu wasankha amamuphunzitsa kaonedwe ka anthu, ndipo ine anandiphunzitsa kuona wakuba mwa munthu aliyense wogwira mutu.

Onama aliko, sindikukana, phala lija ndinalinunkhiza ndi mphuno yangayi. Koma amene wamva m'mimba ndiye amatsekula chitseko, ndipo munthu akakuuzani kuti mutu ukuwawa, yambani mwamukhulupirira, muike chala pamene akuloza. Wabodza akakupusitsani mwataya tsiku limodzi la tiyi wa eni ake. Ine ndinapulumutsa masiku atatu a tiyi, ndipo mwana uja anakula wopanda bambo.

Galasi lija ndinalipereka kwa wophunzira wanga pamene ndinkapuma ntchito. Makutu anga tsopano agontha ndi ukalamba, adzukulu amachita kundikuwira. Koma mbale ikagwa pansi m'nyumba muno, ine ndi amene ndimayamba kutembenuka.